Njiwa imodzi, mayina atatu: foniyi tiyikhulupirire mpaka pati?

Lachitatu madzulo

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni abale. Njiwa iyi ndajambula lero cha m'ma 5 koloko kuno ku Chilomoni, inatera pa waya wa magetsi kuseri kwa nyumba pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Ndaika chithunzi pa Merlin, app yozindikira mbalame, yandiuza kuti ndi Mourning Collared Dove, ndaika china chomwe inatembenuka pang'ono yasintha yati Ring-necked Dove, nde ndinati mwina ndiyese Google Lens, iyonso yabwera ndi zake eti Eurasian Collared Dove. Mbalame imodzi yomweyi, waya womwewu, sinasunthe nkomwe. Ndimafuna ndiyilembe pa eBird, kaundula wa pa intaneti yemwe anthu amalembamo mbalame zomwe aona, koma ndilembe chani?

Limbani: Imeneyo ndi njiwa achemwali. Kwathu ku Thyolo zonsezo timangoti njiwa, ya pakhola ndiyo nkhunda, basi

Tadala: Zoona achimwene koma pa eBird sungalembe kuti njiwa basi, ndipo ine ndikufuna ndizidziwe bwinobwino, ndatopa nkumangoti njiwa njiwa pomwe ndikuona ndithu kuti zina zazikulu zina zazing'ono

Yamikani: Ya Google Lens ija ichotseni kaye, imeneyo kuno kulibe. Eurasian Collared Dove kwawo ndi ku Asia, inafalikira ku Ulaya konse zaka 100 zapitazi, ku Britain inafika m'ma 1950, kenako anthu anapita nayo ku Bahamas m'ma 1970 mpaka inadzaza ku America. Nde zithunzi zake pa intaneti ndi zosawerengeka, Lens ikangoona njiwa yotuwa yokhala ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi imathamangira komweko. Lens sinapangidwire mbalame, imayang'ana nsapato, maluwa, chilichonse. Koma Merlin ndi ina, ine ndimayidalira. Munaiuza malo ndi tsiku pomwe imafunsa paja?

Tadala: Eya ndinaika Blantyre ndi tsiku la lero

Yamikani: Nde ngati yayamba ndi Mourning mwina ndi Mourning yomweyo

Gift wa ku Liwonde: Ayi aise dikira kaye. Mourning ku Chilomoni? Ine ndimaziona tsiku ndi tsiku kuno m'mbali mwa Shire, zimakonda kotentha, m'mitengo ya nsangu ndi mithethe pafupi ndi madzi, kuno ku Liwonde, ku Mangochi, kumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, kozizira, simalo ake amenewo. Sindikunena kuti singafike, mbalame ili ndi mapiko, koma munthu ukanena kuti waona Mourning m'tsinde mwa Michiru uyenera kubwera ndi diso lake pachithunzi. Achemwali chithunzi mwatumizachi diso silikuoneka, ndazuma mpaka chaphwanyika

Tadala: Dzuwa linali kumbuyo kwake, komanso foni yanga ukazuma kwambiri imapaka zinthu ngati utoto

Gift wa ku Liwonde: Tumizaninso ngati document, WhatsApp imafinya zithunzi nde tinthu ting'onoting'ono ngati diso timathera momwemo

Tadala: Ndatumiza

Gift wa ku Liwonde: Chabwinoko pang'ono. Pali kufiira kozungulira diso, ndikukuona. Nde Ring-necked yagwa, imene ija diso lake ndi lakuda bii lopanda khungu lofiira, ndipo imakhala ndi kamzere kakuda kochoka padiso kukafika pamlomo. Zatsala ziwiri, Mourning ndi ina yotchedwa Red-eyed Dove. Zonse zili ndi khungu lofiira lozungulira diso, kusiyana kuli mkati mwa disomo, Mourning ndi lachikasu, Red-eyed ndi lofiira moderako. Apa mkatimo mwangoda

Bambo Mbewe: Ndakuwerengani nonse ana anga. Mayi Tadala, musanapite patali ndi zithunzizi ndifunse, inalira? Ine ndinakulira ku Chikwawa, tili anyamata tinkalondera mapira kumunda, njiwa tinkazitchera ndi diwa ndi ulimbo, zina ndi legeni, zomwe lero sindingamuuze mdzukulu wanga kuti achite, koma ndi mmene tinazidziwira. Tinalibe buku kapena kamera. Unkadziwa uli m'chisimba kuti yomwe yatera mumtengo uja ndi iti usanayione nkomwe. Pali ija imalira katatu, ku-KRRUU-ku, ku-KRRUU-ku, kubwereza osatopa dzuwa lili paliwombo, imeneyo ndi yomwe mukuti Ring-necked. Pali yaikulu ija imalira kasanu ndi kamodzi ndi mawu okhuthala, kuu kuu ku-ku kuu kuu, imeneyo ndi ya maso ofiira. Ya kwathu kuchigwa, ya diso lachikasu, ikatera imayamba ndi krrrrrr ngati munthu akuchukucha madzi kukhosi. Ndakhala ku Chirimba kuyambira 1988, mawu a krrrr amenewo sindinawamvepo kuno, ndimawamva ndikatsika Thabwa kupita kumudzi.

Tadala: Bambo sinalire, kapena inalira koma ine mtima unali pa foni kuti isathawe ndisanajambule

Bambo Mbewe: Ndi pomwe pali nkhani yanga pamenepo mwana wanga. Sindikudzudzula, ndikungoona kuti masiku ano munthu akaona mbalame dzanja limayamba ndi m'thumba. Mbalame imauluka, iye watsala ndi chithunzi chakuda, sanaone mchira, sanamve mawu, sanaone kuti yatera bwanji. Kuona maso a nkhono nkudekha. Njiwa imeneyo ngati inatera pa waya lero mawa ibweranso, njiwa sizisintha malo wamba.

Yamikani: Bambo ndikukumvani ndipo ulemu wanu, koma tisayiponde kwambiri app yi. Ine zaka zitatu zapitazo sindinkadziwa kusiyanitsa pumbwa ndi mpheta, panalibe wondiphunzitsa, bambo anga anakulira mtauni muno ku Ndirande sanalonderepo mapira. Amene anandilowetsa mu zimenezi ndi Merlin yomweyi. Ndi yaulere, ukangotsitsa paketi ya mbalame za dera lino imagwira ntchito opanda bandulo, pomwe buku la mbalame kuti ulipeze muno mu Blantyre ndi ntchito komanso mtengo wake wophunzira sangaukwanitse. Anaipanga ndi a Cornell Lab of Ornithology ku America, omwenso ali ndi eBird, inatuluka mu 2014, si anthu ongoyerekeza ayi. Nde tikamati foni imanama foni imanama achinyamata ambiri angosiya

Bambo Mbewe: Sindinati imanama achimwene. Ndati yapatsidwa chithunzi chopanda diso nkufunsidwa funso lomwe yankho lake lili m'diso.

Yamikani: Apo nde ndavomera. Ndipo kunena zoona mmene imagwirira ntchito ndi choncho, siyiona mbalame ngati mmene timaonera ife, anayiphunzitsa ndi zithunzi zomwe anthu amatumiza pa eBird nkusungidwa mu nkhokwe yawo ya Macaulay Library, nde imafanizira chithunzi chako ndi zomwe inaphunzira, kenako imasefa ndi malo ndi mwezi. Mbalame ya ku America kapena ku Ulaya ili ndi zithunzi zambirimbiri, yoyang'ana uku, yonyowa, yaing'ono, ili mumdima, pomwe za kuno ndi zochepa ndipo zambiri zinajambulidwa ku South Africa ndi ku Kenya ndi makamera akuluakulu dzuwa lili bwino. Palibe anaiphunzitsa njiwa ya pa waya ku Chilomoni 5 koloko madzulo pa foni ya Itel. Komanso anthu amaiwala kuti imapereka mndandanda, osati dzina limodzi, umayenera kutsika pansi nkuona zinazo. Achemwali pansi pa Mourning panali chani?

Tadala: Ndabwerera ndaona, yachiwiri inali Red-eyed Dove. Ine ndinangoona yapamwambayo

Gift wa ku Liwonde: Mwaonatu. Ndipo vuto lake silikhala la app, limakhala la munthu akagwira dzina loyambalo ngati Baibulo. Chaka chatha ndinali ndi mlendo wina pa boti, tinaona njiwa ikumwa madzi pamchenga, ndinamuuza kuti iyi ndi African Mourning Dove, mmene mabuku akale amayitchulira. Iye anatsegula foni nkundionetsa Mourning Dove ya ku America, ya mchira wautali wosongoka yopanda nkomwe mzere pakhosi, nkumati ndalakwitsa pamaso pa alendo ena onse. Zinandiwawa kwambiri tsiku limenelo chifukwa mbalame imeneyo ndakula nayo, ndimaidziwa ngati mmene ndimadziwira nkhuku za amayi anga. Mayina ofanana, mbalame ziwiri zosiyana, makontinenti awiri. Nchifukwa chake pa eBird ya kunoyi amailemba Mourning Collared Dove

Mayi Nachisale: Pepani ndalowa mochedwa ndinali kuphika. Ine funso langa ndi la tinjiwa tating'ono tija timayenda pansi mumsewu wafumbi, kwathu timati katundulu, ukatiyandikira timauluka pafupi ndi nthaka mapiko ofiirira ngati njerwa. Kuno ku Bvumbwe timabwera pomwe ndimayanika mphale. Mwana wanga anajambula kamodzi foni inati Emerald-spotted, tsiku lina inati Blue-spotted, nde tinangoti kaya

Gift wa ku Liwonde: Amayi pamenepo nde pamagwa ngakhale akatswiri. Timadontho ta pamapiko tija timanyezimira malinga ndi dzuwa, pamthunzi tonse timaoneka takuda, nde dzina lija lakuti wobiriwira kapena wabuluu lisakunamizeni. Yang'anani mlomo. Blue-spotted mlomo wake ndi wofiira koma kunsonga kwachikasu, umaoneka ngakhale uli patali pang'ono. Emerald-spotted mlomo ndi wakuda, kufiira kwake kuli kutsinde kokha ndipo nkosawala. Komanso malo, Emerald imakonda tchire louma ngati kuno ndi ku Lengwe ndi Majete, Blue-spotted imakonda konyowa, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'makhwawa a mitengo yambiri, nde kwanu ku Bvumbwe kulowera ku Thyolo ndi Mulanje ikhoza kukhala Blue. Koma pali malo ena zimakumana zonse ziwiri nde mlomo ndi umene ungakuuzeni

Mayi Nachisale: Mawa ndiyanika dala mphale pafupi ndi zenera

Bambo Mbewe: Katundulu ameneyo kulira kwake kumandikumbutsa kumudzi kuposa mbalame ina iliyonse. Amayamba pang'onopang'ono ngati akuganiza, duu... duu... du, kenako nkumafulumira mawu akutsika, du du du du du mpaka kuzimirira. Masana kotentha, mphepo itaima, mudzi wonse uli zii, umangomva iye yekha. Azulu amati amalira kuti bambo anga anamwalira, mayi anga anamwalira, abale anga onse anatha, mtima wanga ukungoti du du du du. Mukamumva mudzavomereza.

Limbani: Bambo mwandikumbutsa kwa agogo. Ine ndimaganiza kuti njiwa zonse zimalira mofanana koma mmene mwalemberamu ndazindikira kuti mawu atatu onsewo ndimawadziwa, sindinkangodziwa kuti eni ake ndi osiyana

Yamikani: Merlin ilinso ndi mbali yomvera mawu, inayamba mu 2021, koma anayambira mbalame za ku America ndi Canada nde pomwe ndinkaiyesa za kuno zambiri inali isanafike pozidziwa. Ndinayesa ku Namiwawa m'mawa wina mbalame zili pwirikiti mumtengo wa jakaranda, inangotola imodzi yokha. Pa mawu nde khutu la a Mbewe lilibe mnzake

Chisomo: Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Tadala ingolemba Mourning yo, app yanena, ngati ndi zolakwika a eBird ali ndi anthu owunika adzakonza okha. Tikamadikira kuti titsimikize chilichonse sitilemba kanthu, ndipo Malawi ili kale m'mbuyo, ukatsegula mapu a eBird madera ambiri kuno ndi oyera ngati kulibe mbalame

Gift wa ku Liwonde: Ayi Chisomo apo nde ndikukana ndi mtima wonse. Owunikawo ndi anthu ongodzipereka, salipidwa, ndipo a dera lathu lino ndi ochepa, sangaone chilichonse. Tsono taganiza, walemba Mourning ku Chilomoni, zadutsa. Mwezi wamawa wina ku Nyambadwe wajambula Red-eyed mumdima, waona pa mapu kuti Mourning inaonekapo ku Blantyre, walembanso. Wachitatu chimodzimodzi. Pakutha pa chaka mapu akuti Mourning imakhala mu Blantyre, ndipo Merlin imatenga zomwezo posefa mndandanda wake nde iyambanso kuuza anthu ambiri kuti ndi Mourning. Bodza likudzidyetsa lokha. Ndipo chithunzi chako cholakwikacho ukachiika chikalowa mu nkhokwe yomwe app imaphunziramo. Kumene kuli zolemba zochepa ngati kuno cholakwika chimodzi chimalemera kwambiri kusiyana ndi ku London komwe chimamira m'zolondola zikwizikwi

Chisomo: Nde munthu asalembe?

Gift wa ku Liwonde: Alembe zomwe akudziwa. Pa eBird pali mwayi wolemba kuti ndi njiwa ya mtundu wa Streptopelia, gulu la njiwa za mzere pakhosizi, koma sindinathe kusiyanitsa, umasankha yomwe ili ndi sp. kumapeto. Palibe manyazi pamenepo

Bambo Mbewe: Ndiwonjezere pa zomwe wanena Gift. Buku lalikulu la mbalame za dziko lino, The Birds of Malawi, la a Françoise Dowsett-Lemaire ndi a Robert Dowsett, linatuluka mu 2006, lili ndi mitundu pafupifupi 650 ndi mapu osonyeza komwe uliwonse umapezeka. Anthu amenewo anayenda ndi miyendo zaka zambiri, kumvetsera, kulemba. Tsono kuchokera nthawi imeneyo onani mmene Blantyre yasinthira. Phiri la Ndirande ndinaliona lili ndi mitengo, Soche linali ndi nkhalango yeniyeni pamwamba pake, lero ndi miyala ndi minda, ndipo tonse tikudziwa zomwe zinachitika ku Chilobwe mu March 2023 ndi Freddy. Mbalame za m'nkhalango zija zinapita kuti? Njiwa yoyera pachifuwa ija, Tambourine, imafuna mthunzi wa mitengo yothithikana, ikadalipo m'makhwawa angati muno mtauni? Amene adzayankhe mafunso amenewa zaka 20 zikubwerazi adzawerenga zomwe inu mukulemba lero pa mafoni anuwo. Ndiye mukalemba za Mourning ku Chilomoni adzati taonani kwatentha, mbalame za kuchigwa zakwera kumtunda, pomwe chinachitika nchakuti dzuwa linali kumbuyo kwa waya.

Chisomo: Ndamva bambo. Sindinaganize mpaka kumeneko, ine ndimangoona ngati ndi kaundula wanga ndekha

Tadala: Nde mawa ndiyang'ane chani kwenikweni, ndiuzeni mwadongosolo ndisakasokonezeke

Gift wa ku Liwonde: Imani mbali yomwe dzuwa likhale kumsana kwanu. Diso kaye. Kenako dikirani iuluke muone mchira, Red-eyed mchira wake ulibe zoyera, kumapeto kuli lamba wamkulu wotuwa ngati phulusa, pomwe Ring-necked ndi Mourning zikamatera nsonga za m'mbali mwa mchira zimaoneka zoyera. Kukula musakudalire kwambiri ikakhala yokha, inde Red-eyed ndi yaikulu, masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono pomwe Ring-necked ndi cha m'ma 26, koma pa waya popanda inzake pambali diso limanama. China, ngati muone ina yopanda mzere pakhosi musathamangire kuti ndi mtundu wina, ana a njiwa zimenezi amayamba opanda mzere. Laughing Dove ndi imene ilibiretu mzere kumbuyo, m'malo mwake ili ndi timadontho takuda pachifuwa chofiirira ndi mapiko otuwa mobuluwira

Bambo Mbewe: Ndipo foni ikhale m'thumba mpaka mutawerenga kuti yalira kangati.

Lachinayi m'mawa

Tadala: Mwadzuka bwanji. Yabwera!! 5:40 ndinali kale panja ndi chitenje kumutu chifukwa kunali kachisanu, ndinakhala pa mpanda wa njerwa dzuwa kumsana ngati mmene ananenera a Gift. Sinayambe ndi pa waya, inayamba kulira ili mkati mwa mtengo wa mapeyala ndisanayione, ndawerenga ndi zala, kuu kuu ku-ku kuu kuu, sikisi, yabwereza mwina kakhumi. Kenako yatuluka nkutera pa waya pomwe paja ndipo zinali ziwiri. Chipumi chotuwa moyererako, khosi ndi chifuwa ngati pinki wakuda, diso lofiira moderako, lachikasu palibe olo pang'ono. Mwana wa aneba atatsegula geti zauluka, mchira ndinauona bwinobwino kuchokera kumbuyo, choyera palibe, lamba wotuwa basi. Ndajambula pomaliza penipeni, chithunzi ndi voice note ndi izi

Gift wa ku Liwonde: Red-eyed Dove, palibenso zokambirana. Voice note yokhayo inali yokwana

Yamikani: Tayesani kuika chithunzi cha lerochi pa Merlin tione

Tadala: Ndaika kale, yati Red-eyed pamwamba penipeni, ndayesa zithunzi zitatu zonse yankho limodzi

Yamikani: Nde mwaona, ikapatsidwa chooneka imagwira. Chithunzicho ndi mawuwo muziike pa eBird pamodzi ndi list yanu, za ku Malawi zojambula mawu nzosowa kwambiri

Bambo Mbewe: Ndamvetsera kawiri mwana wanga. Kumbuyo kwake chapatali cha pa sekondi 14 kukumveka inanso ikulira katatu. Muli ndi mitundu iwiri pakhomo panupo, inayo simunayione chabe.

Tadala: Eee ndamveradi bambo, ku-KRRUU-ku, ikuchokera cha kumabulugamu a kutchalitchi. Ndiyisaka madzulo

Mayi Nachisale: Kuno mphale ndayanika, kabwera kamodzi koma kanandipatsa msana nthawi yonse, ndangoona timizere tiwiri takuda pamwamba pa mchira. Mlomo sindinauone

Gift wa ku Liwonde: Timizere timeneto tili pa onse awiri amayi, sitithandiza. Sunthani mphasayo kuti kazidya koyang'ana kuzenera

Mayi Nachisale: Chabwino ndiyesa mawa, lero mitambo yayamba kuda ndiyanula

Limbani: Loweruka lino ndani ali ndi mpata tikwere ku Michiru m'mamawa? A Mbewe mukapezeka ine ndidzakutengani pa Chirimba 5 koloko, ndikufuna mukandionetse katundulu ndi khutu

Bambo Mbewe: Ndipezeka achimwene, bola bondo likalola. Mubwere ndi madzi akumwa, ndipo tikafike dzuwa lisanatuluke chifukwa ikakwana 8 zambiri zimakhala zaleka kulira.